Amake Goloboyi

"Musamuuze," adatero Greenwell, atavundikira foni pabondo. "Masiku awiri okha, alamu, mawa ndi mkuja. Akangomaliza ndimuimbira ndekha."

Rabecca adali atagwada pafupi ndi katebulo, akutolera makapu amene alendo a m'mawa adamwera tiyi. Adawaika m'thireyi imodziimodzi.

Lidali Lachinayi, tsiku lachiwiri la maliro. Etta, mkulu wake wa Rabecca, adagwa Lachitatu m'mawa m'khitchini ya nyumba yomweyi ya ku Lewisham, mumzinda wa London, atavala kale yunifolomu yake ya unamwino. Pofika masana adali atapita. Madokotala adati mtsempha udaphulika m'mutu. Tsopano mipando ya pabalaza idali itakankhidwira kukhoma, amayi a Mvano atakhala pakapeti ndi zitenje zawo, ndipo pakhomo padali mulu wa nsapato ndi majekete onyowa ndi mvula.

Amene Greenwell, mwamuna wa Etta, sadafune kuti auzidwe adali mwana wawo Khumbo. Mnyamatayo adali ku America, m'chaka chake chomaliza pa koleji ina yaing'ono ya kumpoto, kumene amaphunzira ulere chifukwa cha hoki ya pa ayisi. Adali goloboyi. Ligi ya makoleji a m'dera lawo idali itatha, ndipo matimu anayi otsala amalimbirana chikho: Lachisanu semifainolo, Loweruka fainolo, wogonja n'kutulukiratu. Koleji yawoyo idali isanafikepo pamenepa. Zidamvekanso kuti kudzabwera anthu a matimu olipira kudzasankha anyamata.

"Ndiye mwanayo azithamanga pa ayisi, thupi lili m'mochale?" adafunsa Rabecca.

"Kumudzi timatani? Sitinena kuti adwalika, bwerani? Ifenso tingodekha pang'ono. Thupi silinyamuka sabata ino, mapepala sanatuluke."

"Nanga akadzamva kuti tinamubisira?"

"Adzakwiyira ine. Ndine bambo ake, ndidzazisenza."

Mayi Wezzie, wapampando wa Mvano, adakonza mpango kumutu asanayankhule. "Bambowa anena zoona. Mwana wa malemu wavutikira zimenezi kuyambira ali kakhanda. Ine ndikukumbuka Etta akuweruka shifiti n'kungotenga mwanayo ulendo wa kubwalo la hoki ku Streatham, kukakhala pa benchi yozizira ija maola awiri. Amafika kutchalitchi milomo itang'ambika ndi chisanu. Tisawonongere mayi ake ntchito imene anaigwira zaka zonsezi."

Amayi ena adavomereza ndi mitu. Rabecca adanyamula thireyi n'kupita nayo kukhitchini.

Khumbo adam'bereka ndi iyeyo, Rabecca. Adali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ali Folomu 3 ku Bangwe, ndipo mwini mimbayo adakana, nathawira ku Joni. Etta panthawiyo adali atakhala m'banja zaka zisanu ndi chimodzi popanda mphatso. Mwanayo atakwanitsa zaka zisanu, Etta adabwera kutchuthi kuchokera ku London ndi mapepala a kukhoti oti am'tenge akhale wake. Malume awo adati mwana wa mng'ono ndi mwana wa mkulu, palibe chachilendo, ndipo kunjako akaphunzira. Rabecca adasaina. Adabwerera kumsika wa Limbe kukagulitsa kaunjika, ndipo m'zaka khumi ndi zitatu adamuona mwanayo ndi maso kawiri kokha. Pamene naye adapeza ntchito yosamalira okalamba ku Ilford, ku London komweko, adakwera ndege akuganiza kuti tsopano azimuona sabata iliyonse. Adapeza Khumbo atanyamuka kupita ku America miyezi inayi m'mbuyomo.

Patchuthi mnyamatayo amafikira ku Lewisham. Kwa iye Etta adali Mum. Rabecca adali Mama Rabecca, dzina lili pomwepo, monga amatchulira amayi onse a kutchalitchi.

Pachitseko cha firiji padali zithunzi zomata ndi maginito. Pa china Etta adavala jezi ya timu pamwamba pa yunifolomu, akuseka mpaka maso kutsinzina. Pa china Khumbo adali wazaka zisanu ndi ziwiri, atamira m'zovala za goloboyi zazikulu kuposa iye mwini, Etta atagwada akum'mangira zingwe za nsapato zokhala ndi mpeni kunsi zija. Rabecca adachiyang'ana chimenechi nthawi yaitali, madzi a pampopi akungotayika. Mchemwali wake adali atangogona tsiku limodzi m'mochale, ndipo iye adachita manyazi ndi chimene adachimva mumtima. Koma manyaziwo sadachichotse.

Lachisanu m'mawa Mayi Wezzie adapatsa Rabecca pepala la pulogalamu ya mwambo wa kutchalitchi kuti aone ngati mayina a mudzi ndi mfumu adalembedwa bwino. Mayinawo adali bwino. Kumunsi kudalembedwa kuti malemu asiya mwamuna, Greenwell, ndi mwana mmodzi, Khumbo. Mzere wotsatira udati asiyanso mng'ono wawo, Rabecca.

"Pali cholakwika?" adafunsa Mayi Wezzie ataona kuti akuchedwa.

"Ayi, mayi. Zonse zili m'malo mwake." Adabweza pepalalo. "Mkaka watha. Ndikagule."

Adatsika masitepe, nadutsa sitolo ya pakona osalowamo. Adayenda mpaka pamalo okwerera basi pafupi ndi msika, nakhala pa kabenchi kofiira. Nthawi idali itangokwana thwelofu, kutanthauza kuti kwa Khumbo kudali eyiti koloko m'mawa. Adadziuza kuti mwana ali ndi ufulu wodziwa, kuti kubisa maliro n'kwakale, kuti anthu onse aja akulemekeza masewero kuposa munthu. Zonsezi zidali zoona ndithu. Koma chimene amachiona m'maganizo chidali china: Khumbo akulira, akumuitana, iye akumutonthoza, popanda wina woima pakati pawo.

Adaimba nambala ya Khumbo. Foni idaitana katatu.

"Mama Rabecca?" Kumbuyo kwake kumamveka mbale ndi mawu a anyamata ambiri. Adayankhula Chingerezi, monga mwa nthawi zonse. "Zonse zili bwino? Mum sakuyankha mauthenga anga kuyambira Lachitatu. Dad akuti foni yawo yawonongeka, koma tsiku la gemu sanalepherepo kundiimbira."

"Khumbo, uli pamalo poti ungakhale pansi?"

"Ndakhala kale. Kwagwanji?"

"Achemwali atisiya. Lachitatu masana."

Phokoso la mbale lidapitirira pang'ono. Kenako padamveka mpando ukugwa, ndi mawu amene Rabecca adali asanawamvepo pakamwa pa munthu wamkulu. "Mum," ankatero Khumbo. "Mum wanga. Ayi. Mum."

"Ndilipo ine, mwanangu," adatero Rabecca, atagwira foni ndi manja awiri. "Usaope. Mayi ako ndilipo."

"Ndikufuna Dad," adatero Khumbo, ndipo foni idaduka.

Mabasi atatu adabwera ndi kupita iye asanadzuke. Pobwerera adapeza Greenwell atakhala pamasitepe, opanda jekete, foni ili kukhutu. Ankayankhula motsitsa, akubwereza mawu omwewomwewo ngati munthu wogoneka mwana. Atamaliza adayang'ana manja a Rabecca.

"Mkaka uja uli kuti?"

Rabecca adabisa manjawo kumbuyo.

"Munakaimbira panja kuti ndisakuletseni."

"Ndi mwana wanga, alamu."

"Ndani anakanapo zimenezo? Etta sanakanepo ngakhale tsiku limodzi." Greenwell adaimirira pang'onopang'ono, akugwira chitsulo cha masitepe. Adali woyendetsa basi wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu, koma tsiku limenelo ankaoneka ngati mmodzi wa okalamba amene Rabecca amawasambitsa ku Ilford. "Kochi wamuuza kuti akhoza kupuma. Iye wakana. Akuti asewera."

Pofika faifi koloko madzulo Greenwell adalumikiza laputopu ku wailesi ya kanema. Mkulu wina wampingo adang'ung'udza kuti pamaliro sayatsa kanema, koma Mayi Wezzie adati Etta akadakhalapo akadayatsa yekha, ndipo nkhaniyo idathera pomwepo. Anthu adasendera pafupi. Rabecca adakhala kumapeto, pafupi ndi chitseko.

Adali asanaonerepo gemu yathunthu. Etta adamuitanapo kangapo, iye n'kumati ali pa shifiti. Tsopano adaona bwalo loyera mbee, anyamata akutsetsereka mothamanga ndi ndodo zopindika, akuwombana ndi kugundana kukhoma. Kampira kakuda kophwatalala kamene amalimbirana sankakaona n'komwe. Koma amayi a Mvano ankakaona. Mnyamata wina atakoletsa mnzake ndi ndodo, Mayi Wezzie adati, "Ameneyo akukakhala m'kachipinda mphindi ziwiri," ndipo zidaterodi.

"Mwadziwa bwanji?" adafunsa Rabecca.

"Etta anatiphunzitsa tonsefe. Tikamaliza mapemphero a Lachinayi amatulutsa foni, ufune usafune."

Khumbo adali uyo, pagolo lakumanzere, nambala sate. Nkhope yake idali kuseri kwa zitsulo za chipewa, ndipo Rabecca sakadamuzindikira pakadapanda kaimidwe kake, phewa limodzi lotsika ngati la malemu bambo awo a iye ndi Etta. Masewero ataima pang'ono, kamera idam'yandikira kumbuyo. Pachipewapo adali atamatapo tepi yoyera, ndipo patepipo adalembapo ndi cholembera chakuda zilembo zitatu: MUM.

Woulutsa masewero adatsitsa mawu. Adati mnyamata uyu wa ku London wamva m'mawa womwewu kuti mayi ake amwalira. Adati mayiyo adali namwino, ndipo ndi amene adam'fikitsa pamene ali. Adati lero mnyamatayu akusewera wopanda mayi. Anthu a m'bwalomo, a timu zonse ziwiri, adaimirira n'kuwomba m'manja.

Pabalaza amayi adayamba kusisima. Palibe amene adacheukira Rabecca, ndipo iye adaona kuti akuchita kusamala kuti asacheuke. Adakhala pomwepo, wamoyo, manja ali pamiyendo, akumvera anthu zikwi zingapo akupepesa mwana wake chifukwa alibe mayi.

Mphindi khumi zoyamba Khumbo adatchinga chilichonse. Kenako kampira kena kofooka, koponyedwa kuchokera kutali, kadam'dutsa pakati pa miyendo. Greenwell adapumira m'mwamba. "Kameneko amakagwira atatsinzina," adatero, osauza munthu. Chigoli chachiwiri chidalowa chigawo choyamba chisanathe. M'chigawo chachiwiri zidalowa ziwiri motsatizana, ndipo pa chachinayicho Khumbo adakhalabe chogwada pa ayisi, osatembenuka kukatola kampirako mu ukonde. Kochi adakweza dzanja. Goloboyi wina adalowa, ndipo Khumbo adakakhala kumapeto kwa benchi ataphimba mutu ndi thaulo. Kamera idabwerera kwa iye kawiri, thaulo lili pomwepo.

Adagonja ndi zigoli zisanu kwa ziwiri. Greenwell adatseka laputopu, nakulunga chingwe chake bwinobwino, nakachiika m'dirowa. Sadanene kanthu kwa Rabecca tsiku limenelo, ngakhale Loweruka lonse. Mayi Wezzie adayambitsa nyimbo, ndipo maliro adapitirira.

Khumbo adafika Lamulungu masana. Greenwell adakam'tenga ku Heathrow. Rabecca adali ataphika mpunga ndi nkhuku, naima m'kanjira ka pakhomo atavala chitenje chatsopano. Mnyamatayo adalowa chowerama, wamtali kuposa chitseko, maso ali psu. Adam'kumbatira ndi dzanja limodzi, mwachidule, monga adachitira ndi Mayi Wezzie ndi ena onse, napitirira kuchipinda cha Etta. Adatseka chitseko. Patapita kanthawi Greenwell adalowanso, ndipo kulira kwa amuna awiriwo kudamveka nyumba yonse. Mpunga udazizira mumphika.

Cha m'ma folo koloko Rabecca adalowa m'kachipinda kamene amagona masiku a malirowa kuti alongedze chikwama. Lolemba adali ndi shifiti ya m'mawa, ndipo adaona kuti palibe amene angamuletse kupita. Kachipindako kadali ka Khumbo kuyambira ali mwana. Pakhoma padali mamendulo, ndipo kuseri kwa chitseko kudatsamira ndodo zakale, zazifupi ndi zazitali. Akupinda zitenje adamva munthu ataima kumbuyo kwake.

"Mukupita?" adafunsa Khumbo m'Chingerezi. Adali atavala sikafu ya Etta m'khosi.

"Mawa ntchito. Ndidzabwera Lachitatu." Adapitiriza kupinda. "Ndakuluzitsa gemu yako."

Khumbo adalowa n'kukhala pabedi, bedilo n'kulira. "Mwina tikanaluzabe. Timu ija ndi yabwino kuposa ife. Sindikudziwa." Adapukuta nkhope ndi chikhatho. "Mundege monse ndinali wokwiya. Ndimati ndakwiyira inu, kenako Dad chifukwa chondinamiza za foni, kenako inu kachiwiri. Ndikanawina chikho n'kumva pambuyo pake, sindikanafuna kuchionanso. Zimenezo ndikudziwa."

Rabecca adatembenuka, mtima utayamba kupepuka.

"Koma simunaimbe chifukwa cha ine," adatero Khumbo.

Adanena mosakalipa, akumuyang'ana m'maso. Rabecca adafuna kunena za ufulu wodziwa, za kubisa maliro, mawu onse amene adawakonza pa kabenchi kofiira kaja. Adakhala pampando wa patebulo lowerengera, chitenje chili m'manja.

"Ayi," adatero. "Sindinaimbe chifukwa cha iwe."

Pabalaza wina ankatsanzika, akufunafuna nsapato yake mumulu uja.

"Ndimamuchitira nsanje," adatero Rabecca. "Ali moyo, ndiponso pano. Anali mchemwali wanga, anandilera amayi atamwalira, ndipo chimwalirireni sindinam'lire bwinobwino. Ndikati ndilire, ndikumaona zithunzi zija."

Khumbo adagwedeza mutu pang'onopang'ono. Kenako adawongoka, naika manja pamaondo monga amachitira mwana woyankhula ndi wamkulu, ndipo adayesa Chichewa. Mawuwo ankatuluka limodzilimodzi, olemera, ngati akuwanyamula kuchokera pansi.

"Mama. Anali... achemwali anu. Pepani. Pepani ndi..."

Adaima. Adapendeketsa mutu kumanzere, cha kuchitseko, khutu lili tcheru ngati akudikira wina. Adakhala choncho kamphindi, kenako nkhope yake idakwinyika, naseka kuseka kosakanikirana ndi misozi.

"Mum amaima pamenepo," adatero, atabwerera ku Chingerezi. "Lamulungu lililonse tikachoka kutchalitchi. Amaimba okha nambala yanu, n'kundipatsa foni, n'kuima pachitsekopo. Ndikasowa mawu amandinong'oneza."

Rabecca adayang'ana pachitseko. Adawakumbukira masana a Lamulungu aja ku Bangwe, iye atakhala pakhonde ndi foni yodzaza moto kuyambira m'mawa, akudikira. Sabata yonse ya fumbi la mumsika ankaipirira chifukwa cha mphindi khumi zimenezo. Adakumbukiranso kuti nthawi zina kuseri kwa mawu a mwanayo kumamveka kunong'ona, ndipo iye ankaluma mano, poganiza kuti mchemwali wake akumvetsera kuti aone ngati akum'nyengerera mwana.

"Sumafuna kuimba?" adafunsa.

"Ndili wamng'ono, ayi. Ndimachita manyazi, Chichewa chimandivuta. Ndikakana amandibisira nsapato za hoki mpaka nditaimba. Tsiku lina ndinaphonya gemu chifukwa cha zimenezo. Dad anawachonderera, iwo anakana."

"Amakunong'oneza mawu ati?"

"Onse. Mwadzuka bwanji. Mukudya bwino. Ndakusowani." Adagwira sikafu ija. "Ndi aja ndimamalizira nthawi zonse aja."

Rabecca ankawadziwa. Foni iliyonse, kwa zaka khumi ndi zitatu, inkatha chimodzimodzi, ndi kamawu kachibwana kopotoza Chichewa, kenako ndi mawu okhuthala a mnyamata: tsalani bwino, amayi, ndine mwana wanu Khumbo.

"Amenewonso?"

"Amenewo ndiye samalola kuti ndiwadumphe. Ndikaiwala amaimbanso."

Rabecca adakhala nthawi yaitali akuyang'ana malo opanda munthu aja, pakati pa chitseko ndi ndodo zakale. Kenako misozi idabwera, yambiri, ndipo adaisiya kuti itsike. Khumbo sadam'gwire, koma sadachokenso. Adadikira mpaka mayiyo atapukuta maso ndi chitenje chimene ankafuna kulongedza.

"Yambiranso," adatero Rabecca.

Khumbo adaikanso manja pamaondo. "Amayi, pepani ndi..."

"Zovutazi," adanong'ona Rabecca.

"Pepani ndi zovutazi," adatero Khumbo.